Dziwe la Akamba Kuseri kwa Nkhokwe

Ndinene poyambirira pomwe kuti ine akamba sindinkawafuna. Ndinagwira unesi zaka makumi atatu, ndipo chinthu chokhala m'madzi obiriwira, chonunkha ukachinyamula, kwa ine chinali matenda oyenda ndi miyendo inayi. Koma amuna anga anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo ukakwatiwa ndi munthu wotere umakwatiwanso ndi mabotolo a achule ndi zigoba za nkhono pawindo. Akamba awiri a m'madzi aja anabwera nawo chaka chomwe anapuma ntchito, titakhazikika kwawo ku Bolero. Anawatola m'dzenje la oumba njerwa lomwe linkaphwa mu Okutobala, mmodzi chigoba chitabenthuka ndi khasu. Anadula mgolo pakati, kuuika kuseri kwa khitchini, n'kunena kuti n'zongoyembekezera, dziwe lenileni adzakumba mvula ikatha. Mvula inatha kanayi dziwe lisanakumbidwe.

Kenako kunabwera sitiroko, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato kuti apite kumsonkhano wa akulu a mpingo. Anagona m'chipatala milungu itatu. Anabwerako dzanja lamanja litafa, mwendo wamanja ukukhwekhwereza, pakamwa patatsala mawu osakwana khumi. Chichewa chomwe anandifunsira nacho mbeta kwathu ku Dedza chinapita. Chingerezi chomwe ankaopseza nacho ana a eni chinapitanso. Chinatsala Chitumbuka cha mayi awo, nachonso nyenyeswa zokhazokha: enya, yayi, yewo, ndiye kuti inde, ayi, zikomo.

Kuyenda akanatha, ine ndinkadziwa. Miyendo ya anthu ndaigwira yambiri, ndimauzindikira mwendo umene ungadzuke. M'nyumba ankayenda ndithu, chogwira makoma, kuchoka pabedi kukafika pampando wawo wa pakhonde. Koma kutsika masitepe awiri a khondelo n'kuponda dothi, zimenezo ayi. Vuto silinali mwendo, linali manyazi. Njira yopita kumjigo ndi kutchalitchi imadutsa pambali pa nyumba yathu, ndipo theka la anthu odutsapo anawaphunzitsa ndi iwo. Khonde lathu lili ndi kampanda ka njerwa kofika m'chiuno. Akakhala kuseri kwake, jekete ndi tayi zili bwinobwino, ankaoneka munthu wathunthu. Wodutsa akapereka moni, iwo ankakweza dzanja lamanzere ngati nduna, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndimaudziwa mpando. Umayamba ndi kutupa mapazi, kenako zilonda, kenako chibayo, ndipo tsiku lina umapezeka kuti mpando watsala wokha. Miyezi isanu ndi itatu inapita. Mwendo uja ndinkauona ukuwonda m'thalauza, bondo likuyamba kukana kuwongoka. Ndinkaopa kwambiri, koma mantha anga amatuluka ngati ukali. Ndinawalalatira, ndinawanyengerera, ndinawatumizira abusa. Onse tinalandira yankho limodzi, yayi, ndipo ndodo yomwe anapatsidwa kuchipatala inangokhala yopirikitsira nkhuku.

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe chinkawadzutsa maso. Madzulo aliwonse ndikapita kukaponya usipa mumgolo muja, pobwerako ndinkapeza atandidikira, nsidze zili m'mwamba. Ndiye ndinkapereka lipoti monga tinkachitira posinthana ntchito muwodi: wamkulu wadya nsomba ziwiri, wobenthuka wadya imodzi, onse akupuma. Ankamvetsera kuposa momwe anandimveterapo m'zaka zonse za ukwati wathu. Tsiku lina ndikutsuka m'manja pambuyo pa lipotilo, nzeru inandibwerera. Dziwe lija analonjeza akamba awo, ndilimanga ine. Ndipo ndilimanga pamalo poti munthu wokhala pakhonde azimva madzi akuthiridwa koma osaona kanthu.

Ndinaitana mmisiri wina wa kufupi ndi msika, bambo waimvi kale, womanga zigafa za fodya ndi mathanki a madzi. Nayenso anadutsa m'manja mwa amuna anga, ndipo mpaka lero akawaona amavula chipewa ndi manja awiri n'kuwatchula asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka. Atamva chomwe ndinkafuna anayang'ana pabwalo n'kuloza patsogolo penipeni pa khonde.

"Tikumbe apa, amama. Asambizgi aziona ziweto zawo ali chikhalire."

"Ayi. Tikumba kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi mtengo wa mango uwo."

"Kutali chomene, amama. Adzafikako bwanji?"

"Ndi miyendo, bambo. Inu mwafika bwanji kuno?"

Anandiyang'ana monga amayang'anira anthu akuno mkazi wa ku Dedza akayankhula mosapsatira, koma anakatenga chingwe ndi zikhomo. Malowo ndinali nditawayeza kale. Kuchoka pasitepe yomaliza ya khonde kukafika pamenepo anali mapazi anga makumi atatu ndi anayi. Dzuwa la m'mawa limafikapo, mthunzi wa mango umaphimba theka lake masana, ndipo madzi otsika padenga la khitchini akanatha kulondoleredwa pomwepo ndi paipi. Ndiponso, ndisabise, mapazi khumi omaliza anali poyera, poonekera kunjira.

Kukumba kunatenga masiku anayi, poti dothi la ku Bolero mu Ogasiti limalimba ngati mtima wa apongozi. Dzenjelo linali lalitali mapazi asanu, m'lifupi atatu, lakuya kufika m'chiuno. Mmisiri anayala miyala pansi, kumanga njerwa zootcha m'mbali, n'kupaka pulasitala wosalala mpaka kumawala. Ine ndinakondwa nalo. Linali loyera, la ngodya zinayi, makoma ali chilili, lofanana ndi sinki ya m'chipinda chochitira opaleshoni. Ndinalijambula pafoni n'kukawaonetsa eni ake akamba.

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu mwamphamvu mpaka tayi inapotoka. Analoza kabuku ka nyimbo komwe kanali pathebulo, ine n'kuwapatsa. Anakakankhira kumbali. Analozanso, ndipo ndinazindikira kuti akufuna pensulo yomwe inali mkati mwake. Ndi dzanja lamanzere, lomwe linali lisanalembepo chilembo chiyambire, anajambula kuseri kwa envelopu. Mzere unkanjenjemera, koma unkaoneka: mbali imodzi yakuya, mbali ina yokwera pang'onopang'ono ngati gombe, pamwamba pake timadontho tambirimbiri.

Mmisiri ataiona envelopuyo anadzimenya pachipumi. Iye anazolowera kumanga mathanki, momwe chofunika n'chakuti madzi asatuluke. Sanaganize kuti kamba wa m'madzi amafuna potulukira kukaothera dzuwa, ndipo m'thanki ya makoma osalala angasambire mpaka kutopa n'kumira. Timadontho tija tinali mchenga woikiramo mazira. Anagumula khoma lakum'mawa tsiku lomwelo, akung'ung'udza kuti zaka makumi anayi zapita koma asambizgi akumubwezerabe ntchito kuti akakonze. Anamanga chitunda chotsetsereka, n'kuchikanda ndi tsache simenti isanaume kuti zikhadabo zizigwira. Envelopu yachiwiri inatiuza za mpanda, woti ulowe pansi kufika m'chigongono chifukwa akamba amakumba, ndipo pamwamba upindikire mkati chifukwa amakweranso. Yachitatu inali ndi ndowa ndi mizere makumi awiri ndi umodzi. Tinaimasulira kuti dziwe lidzazidwe ndi kukhuthulidwa kwa milungu itatu, kuti ukali wa simenti uthe.

Milungu itatu imeneyo mjigo unandidziwa. Amayi anzanga ankafunsana m'Chitumbuka, poganiza kuti pakatha zaka zonsezi sindimvabe, ngati anesi ayamba kuzungulira mutu, kutungira madzi akamba pamene anthu akuvutika kutungira ana. Ine ndinkangopukusa mjigo. Mumtima ndinkati envelopu zitatu m'mwezi umodzi, kuchokera kwa munthu amene miyezi isanu ndi itatu sanapemphe kanthu koma tiyi, si zamasewera.

Tsiku losamutsa akamba ndinachita dala phokoso. Ndinaguguza mgolo, ndinaitana mmisiri mokweza, ndinadutsa nawo akambawo patsogolo pa khonde m'beseni. Wobenthuka uja anandichitira zomwe amanena akale, kuti kamba amanyera amene wamtola, ndipo ndinamva amuna anga akuseka kukhosi koyamba chidwalire. Tinawaika pachitunda, iwo n'kutsetserekera m'madzi mmodzimmodzi. Ndinaima pamenepo khutu lili kukhonde, kudikira kugogoda kwa ndodo. Sikunamveke kanthu. Nditabwerera ndinawapeza ali pampando pomwepo, nsidze m'mwamba, akudikira lipoti.

Ndinakana kupereka. Ndinati wofuna kudziwa akaone yekha. Anatembenuzira nkhope kukhoma ndipo tsiku limenelo sanadye. Mawa lake ndinagonja, lipoti linayambiranso. Pamenepo ndinalira, kuseri kwa nkhokwe komweko, chifukwa ndinaona kuti ndamanga dziwe labwino la akamba awiri, koma amuna anga ndawalephera.

Tsono apa ndi pomwe unesi wanga unalowerera. Patatha milungu iwiri madzi anayamba kubiriwira, ndere zinamera m'makoma, ndipo m'mawa wina ndinaona timphutsi ta udzudzu tikuvinavina pamwamba. Ine amene ndinatha zaka ndikulalikira m'midzi kuti kwirirani zithaphwi, ndinali nditakumba chithaphwi pakhomo panga. Sindinafunse munthu. Ndinakhuthula madzi onse, kukwecha makoma ndi burashi mpaka kuyera, kudzazamo atsopano, n'kuthiramo kolorini monga timachitira nthawi ya kolera. Loweruka lililonse ndinkatero. Dziwe linkawala, munthu n'kuona pansi, ndipo ndinkanyadira. Mulipoti sindinkazitchula, poti kutsuka si nkhani.

Akamba anasiya kudya. Anayamba kukhala kumtunda tsiku lonse, atakanirira kumpanda, maso atatupa ndi kutsekeka. Wobenthuka uja ankayesa kukwera waya, kugwa chagada, kuyesanso. Ine ndi nzeru zanga ndinati ndi matenda ochokera m'madzi, ndiye ndinawonjezera kolorini. Safunsa anadya phula.

Linali Lachinayi masana, cha m'ma fili koloko, pamene ndinaima pakhonde ndi ndowa ya madzi a mankhwala m'dzanja limodzi, burashi m'dzanja lina. Ndinawauza amuna anga kuti odwala athu sakupeza bwino, masiku asanu osadya, koma asadandaule chifukwa ndikukatsukanso kachiwiri sabata ino. Ananunkhiza m'mwamba. Anayang'ana ndowa, kuyang'ana burashi, kundiyang'ana ine, nkhope yawo n'kusintha kukhala ija ankalowa nayo m'kalasi ana akaswa chipangizo.

"Yayi," anatero.

"Yayi chiyani? Mukufuna tife ndi malungo?"

"Yayi. Yayi." Anamenya ndodo pansi, akufunafuna mawu ena omwe sankabwera.

"Bambo, ine ndatopa ndi yayi wanuyo. Ndakumba, ndatunga, ndasekedwa kumjigo. Ngati mukudziwa bwino kuposa ine, akamba anu ali uko."

Sindinanene mwanzeru ayi, ndinanena ndi ukali weniweni, ndipo ndinatsika masitepe osacheuka. Ndinafika padziwe, kutula ndowa, kuyamba kukwinya chitenje. Ndipamene ndinamva. Ndodo kugogoda pasimenti, kenako phazi, kenako kukhwekhwereza. Kenako ndodo inasiya kulira, chifukwa inali itaponda dothi.

Thupi langa lonse linafuna kuthamanga kukawagwira m'khwapa. Zaka makumi atatu zinkandikankha kumsana. Koma ndinadziwa kuti ndikangowagwira abwerera, ndiye ndinagwira mzati wa mpanda ndi manja awiri n'kuyang'ana akamba. Ndinkawerenga ndi makutu. Pa khumi ndi ziwiri anaima nthawi yaitali, ndinamva akupuma ngati mvukuto. Pa makumi anayi ndinawaona m'ngodya ya diso atatulukira pa nkhokwe, thukuta lili chuchuchu, tayi ili paphewa. Mapazi anga makumi atatu ndi anayi kwa iwo anali oposa makumi asanu ndi limodzi.

Ndipo monga mwadala, nthawi yomweyo amayi a kumpingo ankachokera kumapemphero awo a Lachinayi, gulu lonse, mabulauzi oyera ali mbuu m'njira. Amuna anga n'kuti ali pamalo poyera paja. Ndinati basi, zathera pano. Amayiwo anaima, nyimbo yomwe ankang'ung'udza inaduka. Amuna anga anawaona ndithu. Anaima, mwendo wodwala uli m'mbuyo, pakamwa patapotoka, zonse zomwe anabisa miyezi khumi zili pambalambanda. Mayi wina wachikulire anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Mwatandala uli, asambizgi?"

Iwo anagwedeza mutu kamodzi, mwachidule, ngati munthu amene ali ndi ntchito yofunika kuposa moni, n'kupitiriza ulendo. Anafika pomwe ndinaima, osandiyang'ana n'komwe. Anatsamira mpanda, kukweza ndodo, n'kuikankha ndowa yanga. Madzi a mankhwala onse anathera m'dothi. Burashi anaikokera ndi ndodo yomweyo n'kuiponyera kutsinde kwa mango. Kenako analoza kumadzulo, kudambo, n'kutulutsa liwu lomwe ndinali ndisanalimve chidwalire chawo.

"Mathipa."

Matope. Munthu anayenda ulendo wonsewo, pamaso pa mpingo, kudzandiuza ine nesi kuti ndithire matope m'madzi. Ndinaseka misozi ili m'masaya, ndipo ndinavomera kuti ndalakwa, chinthu chomwe iwo angachitire umboni kuti sichichitika kawirikawiri.

M'mawa mwake mmisiri anabwereka ngolo ya ng'ombe. Tinakatenga matope akuda a kudambo, madzi ake omwe m'zigubu, mizu ya mabango, udzu woyandama, ndi timatemba todzaza chidebe. Amuna anga anayendanso ulendo uja kudzayang'anira, atakhala pachitsa chomwe tinawaikira, akuloza ndi ndodo pothira ichi ndi podzala icho. Anatiuza ndi manja kuti tigoneke chipika, theka m'madzi theka kunja. Dziwe langa loyera lija linasanduka chithaphwi chenicheni, chonunkha dambo. Timphutsi ta udzudzu tinatha m'masiku ochepa, matemba ndi akamba omwewo atatidya. Ndinakafufuza ndekha ndi kapu yoyera m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu, chifukwa sindikhulupirira msanga.

Maso a akamba ndinawasamalira ine, ndi madzi owiritsa ndi thonje, poti pamenepo pokha unesi unali ndi malo. Wamkulu anatsegula maso tsiku lachinayi. Wobenthuka anachedwa, anadzikwirira m'matope sabata yathunthu mpaka ndinayamba kudziimba mlandu wakupha. Amuna anga ankapita kawiri patsiku kukamudikira. Poyamba ulendowo unkawatengera theka la ola, kenako unayamba kufupika. Tayi anasiya kuvala popita kumeneko, poti inkalowa m'madzi akawerama. Anthu odutsa anazolowera, ena n'kumapatuka kudzasuzumira, ndipo iwo ankawaonetsa akamba ndi ndodo monga ankaonetsera mapu pabolodi.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, masana, ya mabingu. Paipi ya padenga la khitchini inagwira ntchito yake, dziwe linadzaza mpaka pachitunda. Itangokata, dothi likadali nthunzi, ndinamva ndodo ikutsika masitepe. Ndinafuna kuwaletsa chifukwa kunali koterera, koma ndinadziluma lilime n'kupitiriza kusankha nyemba. Anakhalitsako. Pobwera anali atanyowa mpaka m'mawondo, nsapato zitalemera ndi matope. Anakwera masitepe, kudutsa mpando wawo osauyang'ana, n'kudzaima pakhomo la khitchini. Nsidze zanga ndi zomwe zinali m'mwamba tsopano. Anakweza zala ziwiri, analimbana ndi lilime kanthawi, kenako anapereka lipoti, m'Chichewa changa cha ku Dedza.

"Adya. Onse."

Khonde langa ndimalikolopa m'mawa uliwonse ndi kulipaka polishi wofiira Loweruka, ndipo ana anga akudziwa zomwe zimamuchitikira munthu wolipondetsa matope. Tsiku limenelo panali mzere wa matope kuchokera pamasitepe mpaka pakhomo la khitchini: phazi lamanzere lathunthu, mkwasa wautali wa lamanja, ndi kadontho kozungulira ka ndodo pambali pake. Mlamu wanga atabwera mawa lake anatenga chikolopa kuti andithandize. Ndinamulanda. Matopewo anakhala pamenepo masiku atatu, ndipo aliyense wobwera ndinkamuuza kuti alambalale.